Kodi a mestre tiziwalipira pongoyeza galimoto?

Mawu amene adayankhula mnzathu wa m'kalabu, yemwe amanyamula mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano kupita nayo ku Tete



Nkhani imene mwandipatsayi idautsa kale mapiri pachigwa. Ena adaimba foni pa pulogalamu yathu kunena kuti a mestre ayamba kuba, akumalipiritsa munthu asadagwire ndi sipanala yomwe. Ine ndine mwini galimoto, si makaniko, ndiye mwina mukuganiza kuti ndikhala mbali ya odandaulawo. Dikirani kaye.

Chaka chatha, nthawi yokumba mbatata, kagalimoto kanga kadayamba kutsamwa pa zitunda. Pa dashibodi padayaka kanyali kachikasu kaja kooneka ngati injini. Ndidapita pa ofisina ina ku Ulónguè, dzina lake tilisiye. A mestre adatchera khutu ku injini, nati: “Mapulagi awa, bambo.” Poyang'anapo sadandilipiritse kanthu. Ndidagula mapulagi anayi, vuto lili pomwepo. Wachiwiri adati ndi pampu ya mafuta. Ndidatuma mphwanga kudutsa pa Calómuè kukaigula ku Dedza. Vuto lili pomwepo. Apo n'kuti matumba atakhala pabwalo masiku atatu, ndipo wondigula wa ku Tete adatopa kudikira, nagula kwa wina.

Wachitatu adali mnyamata ndithu, ali ndi kamakina m'manja. Boneti asadatsegule adandiuza kuti: “Kuyeza ndi 500 meticais, kaya mukonzetsa kuno kaya ayi.” Ndidapsa mtima, koma ndikadapitanso kuti? Adakhala nayo galimotoyo pafupifupi maola awiri. Adapeza kuti paipi ya labala yolowetsa mpweya mu injini idang'ambika chakunsi, pamene maso safika. Mtengo wa paipiyo sudafike ngakhale theka la mtengo wa pampu ija. Tsono ndiuzeni inu, adandidyera ndalama ndani, waulere kapena wolipiritsa?

Apa ndifotokozeko za kamakinaka, chifukwa ambiri timaganiza kuti kamalosera. Magalimoto a masiku ano ali ndi kompyuta mkati. Ku America lamulo lidakakamiza kuyambira 1996 kuti galimoto iliyonse yatsopano ikhale ndi polumikizira pamodzimodzi, ndipo ku Ulaya adatsatira mu 2001 pa magalimoto a petulo ndi 2004 pa a dizilo. Suzumirani kunsi kwa chiwongolero pa magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan, mupeza kasoketi ka timabowo 16. Ndi pamenepo amalumikiza. Koma kamakinako sikanena kuti “sinthani chakuti”. Kamangotulutsa nambala. Yanga idali P0171, kutanthauza kuti mu injini mpweya wachuluka, mafuta achepa. Basi. Zimenezo zingachitike chifukwa cha pampu yofooka, sefa ya mafuta yotsekeka, kachipangizo koyeza mpweya kodzala fumbi la misewu yathuyi, kapena paipi yong'ambika ngati yanga. Kuwerenga nambala ndi mphindi ziwiri. Kusanthula zinthu zinayizo chimodzichimodzi mpaka kupeza cholakwa, imeneyo ndiye ntchito, ndipo ndi imene ndidalipira.

Makolo athu izi adazidziwa kale. Ukapita kwa sing'anga umayamba wapereka chipondamthengo, iye asadakupatse ndi muzu umodzi womwe. Bwanji? Chifukwa kulowa m'thengo kukafunafuna ndi ntchito payokha. Nanga a mestre akagona pansi pa galimoto yako m'mawa wonse, minga yawo si yomweyo?

Ndiulule tchimo langa pano. Ndidapitapo kwa a mestre, nandiuza vuto mwaulere, ine n'kunena kuti “ndibwera mawa”. Mawa lakelo ndidagula chitsulo pamsika, mwana wa mlongo wanga n'kundimangira pansi pa mtengo wa mango. Musaseke, ndikuona ena pano akuyang'ana pansi. A mestre aja amalipira malo, amagula magetsi a Credelec, ali ndi anyamata ofuna nsima masana. Tikamawachita chonchi, nawonso amaphunzira kutinamiza: sakulipiritsa poyeza, koma amakabweza pa mtengo wa zitsulo, kapena amangolota vuto mwachangu kuti asataye nthawi. Zaulere zija timalipira ndithu, kungoti sitiona polipirira pake.

Komatu a mestre musayambe kuomba m'manja. Pali kuyeza, pali kunena mtengo, chimene pa Chipwitikizi amati orçamento. Ziwirizi n'zosiyana. Ngati mabuleki atha, inu mukuona, ine ndikuona, ndipo ndangofunsa kuti kusintha ndi zingati, pamenepo palibe cholipira. Pamsika sitilipiritsa munthu chifukwa wafunsa mtengo wa ndowa ya mbatata. Chimodzimodzi uja amalumikiza kamakina, n'kuzimitsa kanyali, n'kutambasula dzanja. Ameneyo sadayeze kanthu. Kanyaliko kakayakanso usadafike ndi pa Mussacama pomwe.

Povuta kwenikweni ndi pamene vuto lili mkati, monga mu giyabokosi, poti munthu sangadziwe mtengo asadamasule. Apa anzanga ambiri adalirapo. Amamasula, zitsulo mbwee pa saka, kenako akutchula mtengo woti sungaukwanitse. Ukati “basi bwezeranimo”, akuti kubwezera n'kolipiranso. Galimoto imakhala pamenepo mpaka udzu kumera kunsi kwake. Safunsa adadya phula. Musadalole kuti amasule, funsani mitengo iwiri: kumasula ndi zingati, ndipo ndikalephera kukonzetsa, kumanganso ndi zingati? Izi zikukhudzanso inu a njinga zamoto, amene muli ambiri m'kalabu muno kuposa ife.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, ndipo limapatsa wogula ufulu wouzidwa momveka za chinthu kapena ntchito imene akulipira, kuphatikizapo mtengo wake. Choncho kufunsa mtengo ntchito isadayambe si mwano ayi. Ndipo mtengo wotulukira pamapeto, munthu utatenga kale makiyi, umenewo ndiye ndimaukana ine. Lembani pakhoma ndi choko kapena penti kuti aliyense aone, kuti asamatchulire mtengo wina amayi, wina abambo, wina munthu wovala taye.

Ndikalipira kuyeza, yankho ndi langa. Mundilembere pa pepala chimene mwapeza, ndi mtengo wa zitsulo padera, wa manja padera. Ndikafuna kukafunsa kwina ndi pepalalo, musakwiye, ndagula. Lisiti ngati palibe, tumizani ndalamayo pa M-Pesa kapena e-Mola kuti uthenga ukhale mboni. Ndipo mukandiuza kuti ndi pampu, ine n'kugula pampu, vuto n'kukhala lili pomwepo, kuyeza kwachiwiri musandilipiritsenso. Mwalandira chipondamthengo, bwererani m'thengo.

Mnyamata uja, nditavomera kuti akonze yekha, adachotsa 500 ija pa mtengo wonse, n'kundipatsa paipi yong'ambikayo m'manja kuti ndione ndekha. Sindinena kuti aliyense achite chimodzimodzi, poti maola awiri aja adagwiradi ntchito. Koma kuyambira tsiku limenelo galimoto yanga siidziwa ofisina ina.

A pulezidenti, ndaona a mestre awiri akhala kumbuyoko, mmodzi wakhala akupukusa mutu chiyambire. Bwerani kutsogolo kuno bambo, chojambulira mawu chikadali chotsegula, mutiuze pamene ndalakwitsa.