Masiku Asanu ndi Atatu m'Manja mwa Luba



Pa misonkhano ya chikumbutso ngati uno timakonda kuŵerenga zaka: zaka zimene mpingo wakhala, zaka zimene mbusa wakuti anatumikira. Koma ine lero ndifuna tiŵerenge masiku. Mtumiki wa Mulungu akagwa, kaŵirikaŵiri amagwa m'sabata imodzi, imene zoŵaŵa zonse zimamfikira pamodzi iye ali yekha. Chifukwa chake ndasankha kukukumbutsani za sabata yotere m'moyo wa mmishoni wina amene anafa asanakwanitse zaka 40, ndiye James Hannington, bishopu wa mpingo wa Anglican.

Hannington anabadwa mu 1847 ku Hurstpierpoint, m'dziko la England. Bungwe la Church Missionary Society linamtuma ku Afrika koyamba mu 1882, koma malungo ndi kamwazi zinamgwetsa panjira, ndipo mu 1883 anabwerera kwao ali wofooka ndithu. Atachira, anamdzoza ubishopu mu Juni 1884, ndipo pakuyamba kwa 1885 anafika ku Mombasa, atasiya mkazi ndi ana aang'ono kwao. Mtima wake unali pa akhristu a ku Buganda. Njira yakale yopita kumeneko inali yodzera kumwera kwa nyanja ya Victoria, yaitali ndi yodzala malungo, yomwe ija inatsala pang'ono kumupha. Iye anasankha njira yachidule yodzera m'dziko la Amasai, imene Joseph Thomson anayendamo mu 1883.

Pano panali ngozi imene iye sanaidziŵe. Mfumu Mutesa ya Buganda inali itamwalira mu 1884, ndipo mwana wake Mwanga, mnyamata wamng'ono, ndiye analoŵa ufumu. Mbiri inali itamveka yakuti Ajeremani alikulanda maiko kugombe, ndipo Abaganda anali ndi mantha akale akuti wodzalanda dziko lao adzaloŵera kum'maŵa, kudzera ku Busoga. Amishoni okhala ku Buganda, ndiwo Mackay, Ashe ndi O'Flaherty, analemba kalata yomchenjeza, koma inafika kugombe iye atanyamuka kale.

Ananyamuka ku Rabai mu Julayi 1885 ndi amtengatenga ngati 200. Wothandizana naye anali William Jones, Myao amene anagwidwa ukapolo ali mwana, naomboledwa panyanja, naphunzira ku India, ndipo Hannington yemweyo anamdzoza udikoni chaka chomwecho. Atafika ku Kwa Sundu, kumene lero kuli Mumias ku Kenya, bishopu anasiya Jones ndi gulu lalikulu, napitirira ndi amuna 50 okha.

Lachitatu pa 21 Okutobala anafika kwa mfumu Luba ku Busoga. Madzulo ake anakwera kaphiri kuti aone mtsinje wa Nile, ndipo ali pomwepo amuna ambiri anamgwera, namgwetsa pansi, namkoka chokhwekhwereza. Iye anayesa kuti imfa yafika, ndipo anayamba kuimba nyimbo ya Mulungu. Koma sanamuphe tsiku limenelo. Anamtsekera m'kanyumba kauve, kodzala utsi, makoswe ndi tizirombo, ndipo Luba anatuma mithenga kwa Mwanga kukafunsa chochita naye.

Zimene zinachitika m'masiku otsatira tizidziŵa chifukwa iye anali ndi kabuku kakang'ono ka m'thumba, m'mene analemba tsiku ndi tsiku kufikira m'maŵa wa tsiku la imfa yake. Kabukuko kanapezeka pambuyo pake, ndipo kanatumizidwa ku England. Woŵerenga kabukuko amapezamo munthu wonga ife, womva ululu ndi mantha. Thupi lonse linali kuŵaŵa chifukwa cha kukokedwa kuja. Malungo anambwerera. Usiku sanali kugona chifukwa cha phokoso la alonda oledzera. Tsiku lina Luba anadza ndi akazi ake ambiri kudzamuonerera monga nyama yogwidwa mumsampha, ndipo Hannington sanabise kuti mtima wake unafuna kuilumphira mfumuyo pakhosi. Koma anakhala chete, natsegula Mateyu 5:44-45, pamene Ambuye aphunzitsa za kakhalidwe kathu ndi adani, ndipo analemba kuti mtima wake unatsitsimuka.

Pofika tsiku lachisanu ndi chiŵiri anali atafookeratu, ndipo chimene chinamtonthoza chinali Salmo 27 ndi Salmo 28. M'maŵa wa Lachinai pa 29 Okutobala analemba kuti Salmo 30 linamfikira ndi mphamvu yaikulu, ndi kuti usiku fisi analira pafupi, atamva fungo la munthu wodwala, koma iye anali kuyembekeza kuti nthaŵi ya fisiyo sinakwane. Tsiku lomwelo anamtulutsa, namupha ndi mikondo. Amuna ake 50 aja anaphedwanso, kupatula oŵerengeka amene anathaŵa nakauza Jones. Hannington anali ndi zaka 38.

Abale, kodi nkhani imeneyi ili ndi chiyani kwa ife?

Choyamba, tione kumene mphamvu yake inachokera. Masalmo aja 27, 28 ndi 30 ali pafupi pafupi, ndipo izi zisonyeza munthu amene anali kuŵerenga Mau mwa dongosolo, tsiku ndi tsiku, monga anazoloŵera asanagwidwe. Iye sanakumbe chitsime ludzu litamgwira, chinali chokumbakumba. Ife abusa tili ndi ngozi yathuyathu: timatsegula Baibulo kuti tipeze chokalalikira Lamulungu, ndipo zaka zimapita tisanalitsegule kuti tidye tokha. Mbusa wotere sabata yoŵaŵa ikamfikira adzapeza m'mutu mwake muli maulaliki ambiri, koma mumtima mulibe kanthu.

Chachiŵiri, chikhulupiriro sichinachotse malungo, sichinatsegule chitseko, ndipo sichinabweze mikondo. Ngakhale mkwiyo ndi mantha zinali kumbwererabe. Chimene chikhulupiriro chinachita ndi kumgwira kuti asataye mtima, ndiponso kuti asabwezere choipa. Tiyenera kunena ichi momveka m'masiku ano, pamene ena aphunzitsa kuti wokhulupirira weniweni sadwala ndipo sasauka. Mnyamata amene wamva chiphunzitso chotere, akagwa m'mavuto amayesa kuti Mulungu wamtaya, ndipo amachita manyazi kuuza mnzake. Kabuku ka Hannington kamasula munthu wotere, pakuti kamuuza kuti mtumiki wa Mulungu akhoza kulemba kuti watopa ndi kuti alikuopa, nakhalabe wokhulupirika.

Chachitatu chikhudza ife monga Sinodi. Hannington analoŵa m'ngozi chifukwa chenjezo la anzake odziŵa dziko linachedwa. Chaka ndi chaka timatuma abusa ongotuluka kumene ku sukulu kupita ku mipingo yakutali, ndipo kaŵirikaŵiri timaŵatuma kumene akuluakulu akana. Timadziŵa kuti kumeneko kuli mlandu wa malo pakati pa mpingo ndi mfumu, kapena kuti akulu a mpingo anagaŵikana, koma sitimuuza. Mnyamatayo afika, ndipo sabata ina imdzera: maliro aŵiri, mwana wake wadwala ndipo chipatala chili kutali, chithandizo chake sichinafike, bwalo la akulu lamuukira. Ndani wa ife amadziŵa za sabata imeneyo? Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ndipempha kuti presbiterio iliyonse, potuma mbusa watsopano, imuuze zoona zonse za kumene alikupita, ndipo isankhe mbusa wachikulire mmodzi amene adzamyendera ndi kumfunsa za moyo wake, osati za chopereka chokha.

Chachinai, tisaiŵale amuna aja 50. Dzina la bishopu lili pa matchalitchi ndi m'mabuku, koma amtengatenga amene anasenza katundu wake nafa naye tsiku limodzi satchulidwa kaŵirikaŵiri. Momwemonso m'mipingo yathu muli alaliki, aphunzitsi ndi akazi a abusa amene amasenza sabata yoŵaŵa pamodzi ndi mbusa, ndipo buku la chikumbutso silimaŵadziŵa.

Tsono mverani zimene zinatsata. Ku bwalo la Mwanga kunali mkhristu wa mpingo wa Katolika, Joseph Mukasa Balikuddembe, mkulu wa anyamata otumikira mfumu. Iye anadzudzula mfumu chifukwa cha imfa ya mlendo wa mpingo wina, ndipo anaphedwa pa 15 Novembala 1885. Pa 3 Juni 1886 anyamata ambiri achikhristu, Akatolika ndi Aanglican pamodzi, anatenthedwa ku Namugongo. Mpingo sunathe, koma unakula. Mafupa a Hannington anaikidwa pa phiri la Namirembe pakutha kwa 1892. Ndipo mu 1906 mwana wa Hannington, amene anatsata atate wake nakatumikira ku Uganda, anabatiza mwana wa Luba. Mau aja a m'Mateyu, amene wandende anaŵerenga mano ali gwa, anadzabala chipatso patapita zaka zoposa 20, iye osachiona.

Inu abusa achinyamata amene muli muno, sabata yanu idzafika, ngati sinafike kale. Musadikire kuti ifike kuti muyambe kuŵerenga ndi kupemphera, ndipo ikafika musaibise. Ndipo ife achikulire, tisalole kuti kalata yathu ifike mnyamata atanyamuka kale.

Ambuye adalitse msonkhano uno.