Magazini a Chifalansa ndi Liwu la Anthu Akuda

Omvera ambiri akamva za magazini amaganiza za mapepala a zithunzi zokongola, owerenga pongotayitsa nthawi. Koma mbiri ya magazini olembedwa m'Chifalansa, imene ndiyo nkhani ya lero, ikusonyeza kuti magazini ndi bwalo pamene mtundu wa anthu umakambirana milandu yake, ndipo munthu wopanda mpando pabwalopo amaweruzidwa iye kulibe.

Bwaloli linayamba kale. M'chaka cha 1665, mumzinda wa Paris, Denis de Sallo anayambitsa Journal des savants, yofotokoza za mabuku atsopano ndi zimene anthu ophunzira atulukira. Patangotha miyezi yowerengeka inayamba yaimitsidwa chifukwa akuluakulu a mpingo anaipidwa nayo. M'chaka cha 1672 kunabwera Mercure galant, yodzaza ndi ndakatulo, nyimbo, zovala ndi nkhani za kunyumba ya mfumu. Chiyambire pamenepo magazini a Chifalansa akhala a mitundumitundu: Revue des Deux Mondes ya mu 1829 inali ya anthu okonda kusinkhasinkha, L'Illustration ya mu 1843 inatchuka ndi zithunzi, Spirou ya ku Belgium inayamba kusangalatsa ana mu 1938, ndipo Elle ya amayi inatuluka mu 1945.

Komabe kwa zaka zambirimbiri anthu akuda ankapezeka m'mapepalawa ngati chinthu chokambidwa chabe. Apaulendo, asilikali ndi akuluakulu a boma lachitsamunda ndiwo ankalongosola za Africa, eni ake ali duu.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1931, pamene mayi wa ku chilumba cha Martinique, Paulette Nardal, pamodzi ndi anzake anayambitsa La Revue du monde noir ku Paris. Inkalembedwa m'Chifalansa ndi m'Chingerezi kuti anthu akuda a ku America nawonso aziwerenga. Inatuluka kasanu n'kamodzi kokha, koma mbewu inali itagwera kale m'nthaka. Mu 1935 ophunzira achikuda, mwa iwo Aimé Césaire wa ku Martinique ndi Léopold Sédar Senghor wa ku Senegal, analemba mu L'Étudiant noir, ndipo m'menemo Césaire anagwiritsa ntchito mawu akuti négritude, kutanthauza kunyadira chikuda. Atabwerera kwawo, iye ndi mkazi wake Suzanne anayambitsa Tropiques mu 1941, nkhondo ili mkati, ndipo mu 1943 olamulira chilumbacho anailetsa.

Yoposa onsewa ndi Présence Africaine, imene inayamba kutuluka ku Paris mu 1947. Mwini wake anali Alioune Diop, mphunzitsi wobadwira ku Saint-Louis m'dziko la Senegal. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, Diop anapempha olemba otchuka monga André Gide, Jean-Paul Sartre, Albert Camus ndi Richard Wright kuti aime pambuyo pake, kotero kuti kunali kovuta kuinyoza magaziniyo kapena kuitseka pakamwa. Mu 1949 anatsegulanso nyumba yosindikiza mabuku ya dzina lomwelo, imene mu 1954 inatulutsa buku la Cheikh Anta Diop lotchedwa Nations nègres et culture, lonena kuti chitukuko cha Egypt wakale chinali cha anthu akuda. Mu 1956 magaziniyi inaitanitsa msonkhano woyamba wa olemba ndi amisiri achikuda ku Sorbonne, kumene anthu a ku Africa, a ku zilumba za Caribbean ndi a ku America anakhala pamodzi kukambirana za chikhalidwe chawo ndi goli la utsamunda. Wachiwiri unachitikira ku Rome mu 1959. Chaka chotsatira maiko ambiri a mu Africa amene ankalamulidwa ndi France analandira ufulu. Diop atamwalira mu 1980, mkazi wake Christiane Yandé Diop anapitiriza ntchitoyo.

Ufulu utabwera, magazini atsopano anabadwira mu Africa mwenimweni. Ku Tunis, Béchir Ben Yahmed anayambitsa mu 1960 magazini imene inadzatchedwa Jeune Afrique. Ku Dakar, Annette Mbaye d'Erneville anatulutsa Awa mu 1964, kuti amayi achikuda azidzilankhulira okha. Koma ufulu wa dziko sunabweretse ufulu wa cholembera paliponse. Ku Morocco, mlakatuli Abdellatif Laâbi anayambitsa Souffles mu 1966. Mu 1972 magaziniyo inaletsedwa, ndipo iye anakhala m'ndende mpaka 1980.

Panatsala funso limodzi lolemera. Magazini onsewa ankalembedwa makamaka m'chinenero cha mtsamunda, chimene mlimi wa kumudzi ku Senegal kapena ku Mali sankachiwerenga. Cheikh Anta Diop yemweyo analimbikira kunena kuti Africa sadzakula kwenikweni mpaka zinenero zake zitayamba kunyamula maphunziro ozama. Olembawo anapambana pa kupeza mpando pabwalo la ku Paris, koma ntchito yobwera nalo bwalolo kumudzi, m'chinenero chimene anthu anayamwira, inasiyidwira mibadwo ya m'mbuyo mwawo.