Kondomu ndi mpamba: zimene ndinaphunzira ku Khayelitsha

 

Ine ndinakhala zaka zingapo ku Cape Town, ndikuphunzitsa achinyamata za kugonana modziteteza m'dera la Khayelitsha. Derali lili ndi mbiri yake. Ndi kumene madokotala a bungwe la MSF anayamba kupereka ma ARV kwa anthu osauka mu 2001, boma la South Africa lisanayambe kutero. Bungwe la TAC, limene linalimbana ndi boma pa nkhaniyi, linabadwira mumzinda womwewo mu 1998. Choncho za HIV achinyamata a kumeneko amazidziwa.

Tsiku lina nditangotha kuonetsa kavalidwe ka kondomu, mtsikana wina wa zaka 19, wobwera ngati ine ndemwe, ananditsatira panja. Anati, "Achemwali, zonsezi ndimazidziwa. Koma amene amandilipirira lendi safuna kondomu. Ndikakana, ndikagona kuti?" Kumeneko amuna oterewa amawatcha ma blesser, ngati kuti akudalitsa munthu. Ndinasowa choyankha, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Kuyambira pamenepo phunziro tinaligawa pawiri: ola loyamba za thupi, lachiwiri za ndalama.

Za thupi ndinena mwachidule, koma muzisunge. Kondomu ikang'ambika, kapena wina akakugwirira, thamangira kuchipatala maola 72 asanakwane ukalandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene umamwa masiku 28. Pempha ndi mapiritsi oletsa mimba apangozi. Jakisoni wolera amateteza mimba yokha, osati matenda. Ndipo amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi, sapatsira mnzake pogonana.

Za ndalama ndiye kunali ntchito. Ambiri ankagulitsa amagwinya, mandasi a kumeneko. Mtsikana agula ufa, mafuta ndi shuga za ma randi 200, agulitsa apeza 300, basi akuti wapindula 300. Mawa lake mpamba wadyedwa. Tinkawagulira kope ndi kuwauza kuti: lemba zimene walowetsa, lemba zimene wagulitsa, usaiwale mafuta ophikira ndi thiransipoti. Yako ndi 100 yokhayo, ndipo ngakhale imeneyo usaidye yonse. Ngongole kwa achibale inagwetsa mabizinesi ambiri kuposa akuba; pamenepa ndikuona amayi ena akuseka, akuzidziwa. Kenako tinkawaika m'magulu a stokvel, chipereganyu chathu chomwechi.

Mtsikana uja sanalemere, ndisakunamizeni. Anayamba kuluka tsitsi, ndipo patatha miyezi ingapo anapeza kachipinda kogawana lendi ndi anzake awiri. Bambo uja anamusiya. Kukana ankadziwa kale. Chimene ankasowa ndi pogona akakana.

Ndikudziwa kuti Dzaleka si Cape Town. Chibwezereni anthu kukampu mu 2023, msika wanu ndi wa mkati muno, ndipo ogula ndi omwewomwewo. Komabe kope limagwira ntchito paliponse. Anyamata, musaganize kuti ndikunena atsikana okha: amene amagulira mtsikana sopo n'kumayembekeza malipiro a thupi lake, blesser ndi yemweyo.

Amene mukufuna kuyamba gulu, tsalani tikamaliza. Bwerani ndi cholembera, tiyambe kuwerengera kuti ndasi limodzi limakudyerani ndalama zingati musanaligulitse.