Nyimbo ndi Kujambula m'Sukulu za Akale

Mayeso akayandikira, nthawi nicepa, phunziro loyamba kufafanizidwa pa ndandanda ya sukulu ndilo la nyimbo, ndipo la kujambula litsata pambuyo pace. Mphunzitsi amati ana ayambe adziwa masamu ndi kulemba, zoimba zidzaoneka m'tsogolo. Tsono mau a lero ali pa funso ili: kodi Agriki akale, amene sukulu za ku Ulaya zinatengerako maphunziro ao, anaika nyimbo pa malo otani?

Zaka zoposa 400 Kristu asanabadwe, mnyamata wa mfulu m'mzinda wa Athens anali kupita kwa aphunzitsi atatu: wa zilembo, wa masewera olimbitsa thupi, ndi wa zeze. Zeze wao anali wa zingwe 7, ndipo mwana anaphunzira kumliza ndi kuimbira pa iye nyimbo za makolo ace. Mwai umenewu sunafike kwa atsikana ambiri kapena kwa akapolo, ndipo pamenepo Agriki sali citsanzo ai. Koma kwa iwo amene anaphunzira, nyimbo inali limodzi la mafuwa atatu a mphika.

Plato, m'buku lace lochedwa Republic, anafotokoza cifukwa cace. Anaphunzitsa kuti munthu wa masewera okha asanduka waukali ndi wouma mtima, wa nyimbo zokha afooka, koma ziwirizi zikalingana munthu akhala wolimba mtima ndi wodziletsa. Anaonanso kuti nyimbo ilowa m'kati mwa mwana asanafike pa msinkhu wa kulingalira, kotero kuti azolowera kukonda cokoma ndi kuda conyansa, nzeru nizidza pambuyo kudzatsimikiza.

Aristotle, wophunzira wace wa Plato, m'buku la 8 la Politics anachula maphunziro anai a ana: zilembo, masewera, nyimbo ndi kujambula. Za kujambula anabvomera kuti kuthandiza munthu asanyengedwe pogula katundu, koma phindu lace lalikuru ndilo kuphunzitsa diso kuona kukongola kwa maonekedwe. Za nyimbo anaumirira cinthu cimodzi: mwana aimbe yekha, alize yekha, pakuti nkobvuta kuti munthu aweruze bwino nchito imene manja ace sanaigwirepo.

Agriki anapezanso kuti m'nyimbo muli masamu, ndipo nzeru imeneyi anaicha ya Pythagoras. Cingwe cokungika cikalira doh, theka lace lilira doh wa pamwamba. Magawo 2 mwa 3 alira soh, ndi magawo 3 mwa 4 alira fah. Cifukwa ca ici Boethius, Mroma wophunzira amene anaphedwa ca m'ma 524, anaika nyimbo pamodzi ndi masamu, miyeso ya mizere ndi kayendedwe ka nyenyezi, nacha zinaizi Quadrivium, ndiko kunena njira zinai. Komatu iye anati mwini nyimbo weniweni ndiye wodziwa kuwerenga kwace, woliza ndi manja ali ngati wanchito cabe. Cotero zaka mazana ambiri ophunzira a m'sukulu zazikuru za ku Ulaya anawerenga nyimbo m'buku monga masamu, kuimba kweni kweni nikusungika m'makwaya a Eklesia.

M'makwaya momwemo munaturuka thandizo la mphunzitsi. Ca m'ma 1025, Guido wa ku Arezzo, m'dziko la Italy, anakonza kulemba nyimbo pa mizere, napatsa mau aliwonse dzina lace: ut, re, mi, fa, sol, la. Iye anati kale woimba anataya zaka 10 kuloweza, koma ndi njira yace caka cimodzi kapena ziwiri zikwanira. M'zaka za m'ma 1840, mbusa John Curwen wa ku England anafalitsa njira ya doh, ray, me, imene anaitenga kwa Sarah Glover wa ku Norwich. Ndiyo imene amishoni anadza nayo m'sukulu ndi m'mipingo ya kuno kwao kwa ng'oma ndi kalimba.

Mbiri yonseyi iphunzitsa cinthu cimodzi. Akale anayesa nyimbo mphambano pamene khutu, dzanja, mutu ndi mtima zikomana, ndipo pamene analekanitsa mutu ndi dzanja phunzirolo linauma. Mphunzitsi wocotsa nyimbo kuti masamu akule afanana ndi mlimi wodula mizu kuti tsinde lipeze malo.

Ndipo nchito yace siifuna ndalama zambiri. Thabwa limodzi, misomali iwiri, waya ndi rula zikwanira: ana akunge wayayo, amuyese, amgwire pakati, namve okha doh wa pamwamba, tsiku limenelo theka lidzaleka kukhala cilembo ca pa bolodi. Makala ndi dongo la kudambo zikwanira kujambula tsamba ndi kuumba mbiya, mwana nayang'anitsitse asanalembe mzere. Mwana amene alephera mayeso akhoza kulembanso caka camawa. Koma khutu ndi diso zikapitirira ubwana zosasulidwa, sizibwerera msanga, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.