MTENGO NDI PHINDU: ZA KUGULA MAGALIMOTO AKALE PA OKUSHONI

 Lero tikambirana za malonda a magalimoto akale. Kapena wina wa inu anena mumtima kuti, "Ine ndilibe ndalama zogulira ngakhale njinga, nanga za galimoto zindikhudza bwanji?" Khalani cete mumvetsere, pakuti phunziro la m'nkhani iyi lidzakuthandizani ngakhale pamene amai akutumani kumsika.

Pamene mupita kusukulu m'mawa, kaya ku Matero, ku Chawama, ku George kapena ku Mtendere, kodi simunaonepo galimoto itakhala pa miyala kuseri kwa nyumba? Matayala ilibe, magalasi anasweka, ndipo nkhuku ziikira mazira pa mpando wa woyendetsa. Tsiku lina munthu anaigula galimoto imeneyo ndi ndalama zokhetsera thukuta, nabwera nayo kunyumba ali cisekeseke, akunena kuti wagula mochipa. Ena a magalimoto otere anagulidwa pa okushoni.

Kodi okushoni nciyani? Ndi malonda opikisana mitengo. Kumsika wa Soweto wogulitsa ndiye achula mtengo, ndipo wogula apempha kuti acotseko. Pa okushoni mtengo uyambira pansi, ndipo ogula eni ake ndiwo aukweza. Uyu achula ndalama zake, uyo aonjezapo, kufikira onse atatopa natsala mmodzi. Pamenepo woyendetsa malonda amenya nyundo patebulo, ndipo nyundo ikagwa palibenso kubweza mau. M'dziko lathu Boma limagulitsa motere magalimoto ake okalamba, bungwe la misonkho la Zambia Revenue Authority limagulitsa katundu wolandidwa, ndipo makampani nao amatero. Ngakhale magalimoto ambiri a ku Japan amene adzaza miseu ya Lusaka anayamba adutsa pa okushoni kwao konko, asanakwezedwe m'sitima ya pamadzi kudza ku Dar es Salaam ndi kulowa muno pa Nakonde.

Tsono ku maiko a kutsidya kwa nyanja kuli anthu olemera amene amasonkhanitsa magalimoto akale ochuka, monga momwe ena a inu amasonkhanitsira masitampa. Mu May 2022, mu mzinda wa Stuttgart ku Germany, galimoto ya Mercedes-Benz 300 SLR yopangidwa mu 1955 inagulidwa pa okushoni ndi mayuro mamiliyoni 135. Mu August 2018, ku Monterey m'dziko la America, Ferrari 250 GTO ya mu 1962 inagulidwa ndi madola opitirira mamiliyoni 48. Magalimoto awiriwa sanganyamule thumba la makala, ndipo pa miseu ya ku Kanyama nthawi ya dzinja sangayende kutali. Nanga mtengo wotere ucokera kuti?

Pali zifukwa zitatu. Coyamba ndico kusowa kwake. Mercedes ya mtundu uja inapangidwa iwiri yokha, ndipo Ferrari ija 36 yokha. Caciwiri ndico mbiri yake: anaipanga ndani, anaiyendetsa ndani, inapambana mipikisano iti. Cacitatu ndico kasungidwe kake, pamodzi ndi mapepala otsimikiza kuti galimotoyo ndi yeniyeni.

Za mbiri tili naco citsanzo cathu pafupi pompano. Ku Chilenje, pa nyumba nambala 394 imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 kufikira 1962, pali Land Rover imene inagwira nchito m'masiku omenyera ufulu. Mukaiyesa ngati citsulo cabe, mtengo wake ndi wocepa. Koma mtundu wathu uisunga cifukwa ca zimene itikumbutsa. Aphunzitsi, ngati nkotheka, pitani nao ana akaione ndi maso ao.

Koma cenjerani, ana inu: ukalamba paokha supatsa galimoto mtengo. M'zaka za m'ma 1970 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inali kulumikiza magalimoto a Fiat muno m'Zambia. Agogo anu awakumbukira bwino. Fakitale ija inatsekedwa kale, ndipo munthu amene wapeza Fiat yotere lero adzayenda mtunda wautali kufunafuna masipeya ake. Galimoto yakale imene yadyedwa ndi dzimbiri, yopanda mapepala, ndi yakale cabe basi. Ndiponso ngakhale mitengo ya magalimoto ochuka imatsika. A Enzo Ferrari atamwalira mu 1988, mitengo ya magalimoto ao inakwera koposa, ndipo anthu ena anakongola ndalama kuti agule. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 mitengo ija inagwa, ndipo ambiri anatsala ndi ngongole.

Tsopano tengani mapensulo anu, ticite masamu. Manambala amene ndichule ndi ongoyerekeza, monga a m'buku lanu la masamu.

Tiyerekeze kuti bambo wina wa ku Kanyama anasunga K60,000 kuti agule galimoto yonyamulira matimati ndi kabici kucokera ku Soweto. Pa okushoni anaona Peugeot 504 ya lole, yofanana ndi imene atate ake anali kuyendetsa iye ali mwana, ndipo mtima unamuthawa. Pocoka kunyumba anauza mkazi wake kuti sadzapitirira K30,000. Koma panali munthu wina woifunanso, ndipo anthu onse anali kupenya. Bamboyo anacita manyazi kugonja, nakweza dzanja kawirikawiri. Nyundo inagwa pa K42,000.

Lembani. Eni ake a okushoni anatengapo K10 pa K100 iliyonse, ndiye kuti K4,200. Galimoto inakana kulira, conco kuikoka kupita nayo kunyumba kunadya K1,500. Matayala anai, lililonse K1,200, ndi K4,800. Batire K2,000. Makanika wokonza injini pamodzi ndi masipeya K9,000. Kusintha dzina m'buku la galimoto ku RTSA, msonkho wa pamseu, kupimitsa galimoto ndi inshuwalansi, K3,000. Muonkhetse zonse pamodzi. Mwapeza zingati? Inde, K66,500. Bamboyo anali ndi K60,000 yokha. Wapereweza K6,500, sanagule mafuta ngakhale lita imodzi, sanapikule bokosi limodzi la matimati, ndipo mwini nyumba akufuna lendi. Galimoto ija idzayamba kukhala pa miyala "kwa mwezi umodzi wokha." Caka cikatha, idzagulitsidwa ngati zitsulo zakutha, kapena amisiri oocerera a ku Kalingalinga adzadulako zimene angagwiritse nchito.

Kodi bamboyu anabedwa? Iai. Palibe amene anamunamiza. Pa okushoni katundu agulitsidwa monga momwe aliri, ndipo wogula apatsidwa nthawi yakuona katunduyo malonda asanayambe. Colakwa cake cinali cakuti anasokoneza zinthu ziwiri. Mtengo ndiwo ndalama zimene munthu apereka. Phindu ndilo thandizo limene cinthuco cimpatsa. Munthu wolemera wa ku Ulaya agula cikumbutso ndi ndalama zimene zamtsalira, ndipo mtengo ukagwa ana ake sagona ndi njala. Bambo wa ku Kanyama anafuna cida ca nchito, koma analipira mtengo wa cikumbutso ndi ndalama za unga.

Tsono wogula wanzeru amacita zinthu zinai. Apita kukaona galimoto tsiku la malonda lisanafike, ndipo atenga makanika womkhulupirira kuti apenye injini ndi kunsi komwe, pakuti akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Afunsa za mapepala, nayerekeza nambala za pa injini ndi za m'buku, pokumbukira kuti safunsa anadya phula. Aonkhetsa ndalama zonse zimene zidzafunika nyundo itagwa. Potsiriza alemba papepala mtengo umene sadzaupitirira, ndipo ena akaupitirira iye atsitsa dzanja nabwerera kwao ndi ndalama zake. Pamenepo palibe manyazi.

Aphunzitsi, phunziro likatha citani okushoni m'kalasi. Mwana aliyense apatsidwe njere za cimanga 20 zoimira ndalama. Gulitsani pensulo, buku lolembamo, ndi bokosi lokongola lotsekedwa limene mulibe kanthu m'kati. Pambuyo pake ana akambirane: ndani wagula mwanzeru, ndipo cifukwa ciyani? Awerengenso ndalama zonse zimene bambo uja akadaononga nyundo ikadagwa pa K30,000, ndi zimene zikadamtsalira.

Ndipo inu ana, mawa amai akakutumani kukagula nsapato pa salaula, musapenye kuwala kwake kokha. Zitembenuzeni muone kunsi, ndipo mudzifunse kuti zidzakufikitsani kusukulu miyezi ingati.

Tsalani bwino. Tidzakumananso sabata ya mawa nthawi yonga yomwe ino.