Chancy Chitete: msilikali amene anabwerera

(Awa ndi mawu amene mlangizi wa kalabu yathu analankhula pa msonkhano wa Loweruka kuno ku Magaleta. Tawalemba kuti amene munali kumunda muwerenge nawo.)

Anyamata ndi atsikana, ndamva kuti ena mwa inu mukudikira kuti a MDF alengeze zolemba asilikali, ndipo ena mwayamba kale kuthamanga m'mamawa kukwera zitunda zathuzi. Ndi zabwino ndithu. Nditafunsa mnyamata wina chimene akufunira usilikali, anandiyankha mosabisa kuti, "Bambo, ndikapita ku Congo ndidzabwera ndi ya malata." Sindinamudzudzule, umphawi tonse tikuudziwa. Koma lero ndikufuna ndikuuzeni za munthu amene anapitadi ku Congoko.

Dzina lake ndi Chancy Chitete. Anali Private, udindo woyambirira weniweni, wopanda nyota paphewa. Mu 2018 anali m'gulu la asilikali a Malawi amene anatumizidwa kummawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo pansi pa bungwe la United Nations. Tikamva zoti "osungitsa mtendere" timaganiza kuti ndi anthu ongolondera pageti. Ayi. Gulu limene munali Amalawi linakhazikitsidwa mu 2013, la asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, ndipo linapatsidwa chilolezo cholondola zigawenga kumene zabisala n'kumenyana nazo.

Dera lake linali la Beni, m'chigawo cha North Kivu. M'nkhalango zakumeneko muli zigawenga za ADF, zomwe zinayambira ku Uganda, ndipo zakhala zikupha anthu wamba m'midzi. Chaka chimenecho kunagwanso Ebola. Ndiye taganizani, azaumoyo akufuna kufikira odwala, koma mfuti zikulira. Pakati pa mwezi wa November 2018 asilikali a Malawi ndi a Tanzania analowa m'nkhalango kukathamangitsa zigawengazo.

Kumeneko zinthu zinavuta. Zipolopolo zinachuluka, ndipo gulu la Chitete linayamba kuwombera kuti anzawo apeze mpata wosunthira pamalo abwinoko. Ntchito imeneyo anaigwira. Itakwana nthawi yoti nawonso abwerere m'mbuyo, Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, ali pansi atavulala kwambiri, osatha kuyenda, zigawenga zikuyandikira.

Apa ndi pamene ndikufuna muime pang'ono. Munthuyo sanali m'bale wake. Sanali wa kumudzi kwawo, ngakhale wa dziko lake. Chitete akanapitirira ndi anzake, palibe akanamuloza chala, chifukwa mbali yake anali atachita kale. Kunyumba anasiya mkazi ndi mwana wakhanda. Inu mukanatani? Ine, kunena zoona, ndikadzifunsa funso limeneli ndimangoti kakasi. Iye anabwerera. Anamukoka Omary zipolopolo zikudutsa, n'kufika naye pobisalika, n'kuyamba kumupatsa thandizo loyamba. Ali mkati momuthandiza, chipolopolo chinamupeza iyeyo. Anamwalira. Omary anapulumuka.

Makolo athu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambi umenewu uli ndi kamalonda mkati, eti? Ndikuthandize lero, iwe udzandibwezere mawa. Chitete anazimira mnzake ndevu pamalo pamene aliyense ankadziwa kuti mawalo mwina sakhalapo.

Pa 24 May 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa mkazi wake mendulo yotchedwa Captain Mbaye Diagne Medal for Exceptional Courage. Imeneyi ndiyo mendulo yapamwamba kwambiri ya osungitsa mtendere. Inakhazikitsidwa mu 2014 pokumbukira Mbaye Diagne, kaputeni wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu mazanamazana ku Rwanda mu 1994, nayenso n'kufera komweko. Yoyamba inaperekedwa kwa banja la Diagne mwiniwakeyo mu 2016. Woyamba kuilandira pambuyo pake anali Mmalawi, Private wamba. Mukamamva anthu akuti ife sitidziwika ndi kanthu, muziwakumbutsa zimenezi.

Komatu ndisakunamizeni. Mendulo siphika nsima, ndipo siperekeza mwana kusukulu. Mayi uja anakwera ndege mpaka ku America, anthu akuluakulu anamuimirira, koma pobwera anabwera yekha. Ndiponso Chitete sanafe yekha. Pa nkhondo yomweyo Amalawi amene anaphedwa analipo asanu ndi mmodzi. Asanu enawo mayina awo satchulidwa kawirikawiri, koma maliro awo analiridwa chimodzimodzi m'midzi ngati yathu ino. Si zachilendonso. Mukadzapita ku Zomba mudzaone chipilala chachitali chokumbukira asilikali a King's African Rifles, agogo athu amene anatengedwa kukamenya nkhondo za azungu. N'chifukwa chake mwezi wa November uliwonse dziko limakumbukira asilikali amene anafa.

Sindikuti musalembetse ayi. Dziko likufuna asilikali, ndipo mwana wa ku Neno amene anazolowera kusenza thumba la mbatatesi pamtunda sangagonje pa mpikisano wothamanga. Malatawo mwina mudzaguladi. Chimene ndikukana n'choti mupite mukuwerenga ndalama zokha, osadziwa kuti tsiku lina munthu amene simunamuonepo adzakhala ali gone patsogolo panu, ndipo palibe bwana amene adzakhale pafupi kukuuzani chochita.

Ndiye amene mukufuna kulembetsa, sabata ino mukakhale pansi ndi amayi anu, kapena akazi anu kwa amene munakwatira, muwafotokozere nkhani ya Chitete yonse, osadumpha mathero ake. Loweruka likubwerali mudzatiuze zimene akuyankhani. Apampando, ndabweza mpando.