Kodi Sola ya Padenga Imabweza Ndalama Zake?



Mwandiitana kuti ndiyankhe funso limene lakhala likubwerabwera m'misonkhano yanu: munthu akamanga nyumba yatsopano ya malata, kodi n'kwanzeru kuika mapanelo a sola padenga, ndipo kodi ndalama zimene walowetsazo zidzabwerera? Funsoli n'lolemera, pakuti ndalama zake ndi za nandolo wa chaka chathunthu, za mpunga wa kumadambo a Chilwa ndi Chiuta, kapena zimene mwana watumiza kuchokera ku Joni atazikhetsera thukuta.

Funso lomweli likuzunguza mitu ngakhale ku Ulaya, ndipo vuto lawo litithandiza kuona mwayi wathu. Ku Germany nyumba zatsopano zambiri zimatenthetsedwa ndi makina otchedwa heat pump. Makinawa sakoleza moto. Amakoka kutentha kumene kuli mumpweya wa panja n'kukulowetsa m'nyumba, ndipo yuniti imodzi ya magetsi imabala kutentha kokwana mayunitsi 3 kapena 4. Koma nyumbazo zimafuna kutenthetsedwa mu Disembala ndi Januwale, pamene dzuwa la kumeneko limatuluka mochedwa, lofooka, n'kulowa msanga. Likadzafika polimba mu Juni ndi Julayi, palibenso amene akumva kuzizira. Kwa iwo dzuwa ndi ntchito zimaphonyana.

Kwathu kuno zimakumana. Firiji imene ili m'sitolo ya pamsika apa ndi makina omwewo, kungoti imachotsa kutentha m'kati mwake n'kukutaya kunja. Imagwira ntchito yaikulu mu Okutobala ndi Novembala, pamene Ntaja, Liwonde ndi Balaka zimatentha ngati ng'anjo, ndipo nthawi yomweyo ndi imene dzuwa lili pachimake. Dimba nalo limamva ludzu m'chilimwe, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Choncho yankho langa ndi ili: sola imabweza ndalama zake msanga ngati magetsi ake akugwira ntchito masana, dzuwa likadali m'mwamba. Imayamba kudya ndalama tikafuna kusunga magetsi ambiri kuti tiwagwiritse ntchito usiku.

Chifukwa chake ndi batire. Panelo yabwino imakhala zaka 20 kapena 25 ikugwirabe ntchito, mwina kuposa malata amene yakhalapo. Batire la asidi, limene ambirife timagula, limakhala zaka 2 mpaka 4, ndipo likamakamulidwa mpaka kutheratu usiku uliwonse silifika n'komwe pamenepo. Kutentha kwa kuno kumalifupikitsanso moyo. Batire la galimoto ndiye musaliyese dala: linapangidwa kuti lilize injini kwa kamphindi, osati kuyatsa nyumba usiku wonse. La lithium limatha kufika zaka 8 kapena 10, koma mtengo wake wogulira ndi wokwera. Ndiye kuti pa moyo wa panelo imodzi mudzagula mabatire kangapo, ndipo mudzawagula pa mtengo wa mawa. Zipangizozi zimachokera kunja. Mukukumbukira kuti mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anagula batire zimenezi zisanachitike, pobwerera kusitolo anakapeza mtengo wina. Wogulitsa akamakuuzani kuti dzuwa ndi laulere sakunama, koma sanamalize chiganizo.

Tiwerengere pamodzi. Panelo ya mawati 300, pa dzuwa la kuno, imapereka yuniti imodzi ndi pang'ono pa tsiku, mwina kufika imodzi ndi theka. Mababu 5 a mawati 7, oyaka maola 5, amadya mawati 175. Wailesi ya kanema ya mawati 50, yoonera maola 4, imadya 200. Onjezani mafoni a banja lonse: simunafike theka la yuniti. Firiji yaing'ono yosawononga magetsi imafuna pafupifupi yuniti imodzi pa tsiku. Mpaka apa panelo imodzi kapena ziwiri zikukwanira. Tsopano bweretsani mbaula ya magetsi ya mawati 1,500, muphikire nyemba maola 2: mayunitsi 3 apita, ntchito ya mapanelo awiri ya tsiku lonse, mwinanso osakwana. Simbi ndi ketulo ndi chimodzimodzi. Chilichonse chotenthetsa ndi waya wofiira chimameza magetsi. Amene akuganiza kuti kasola ka pamsika kamuchotsa pa makala adzakhumudwa, ndipo ndikunena izi ndikudziwa mmene mapiri athu a Machinga ameteredwa ndi nkhwangwa.

Nanga ndani amene sola imamupindulira? Woyamba ndi amene nyumba yake ili kutali ndi mapolo a ESCOM, ndipo oterewa ndiwo ambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira ndi magetsi a pa chingwe, pamene oposa theka ankadalira tochi ya mabatire. Banja lotere lilembe kwa mwezi umodzi ndalama zonse zogulira mabatire a tochi, makandulo ndi zotchajitsira foni pamsika. Kenako litenge mtengo wa batire la sola, liugawe ndi miyezi 36, chifukwa imeneyo ndiyo lendi yeniyeni ya kuwala kwanu. Zotsala zikhale zobwezera panelo ndi mawaya. Pa sola yaing'ono ya mababu ndi foni, masamu amenewa kawirikawiri amakomera sola. Ndipo mwana wa Sitandade 8 amene wawerenga pa kuwala koyera sitingamuike pa sikelo ya ndalama.

Amene ali kale pa chingwe cha ESCOM, ngati nyumba zambiri za pano pa Ntaja, nkhani yake ndi ina. Yuniti yogula ku ESCOM ndi yotsika mtengo kuposa yuniti imene yadutsa m'batire lanu. Mukaika sola pamenepo simukuchepetsa kwenikweni ndalama za magetsi. Mukugula chitetezo pa kuthimathima. Chitetezocho chili ndi phindu lake. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi ake amadutsa pa zitseko za Kamuzu Barrage pa Liwonde pompa. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo panapita chaka ndi miyezi makinawo asanabwerere. Wogulitsa nsomba, nyama kapena zoziziritsa kukhosi amene katundu wake anaonongeka masiku amenewo akudziwa mtengo wa tsiku limodzi lopanda magetsi. Kwa iye sola ndi batire lokwanira firiji n'zoyenera. Koma wongofuna kuwala madzulo magetsi akathima, mababu otchajitsa amukwanira, ndipo ndalama zotsalazo amalizire khonde.

Ngakhale makampani aakulu amauopa mtengo wa batire. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, anatsegulidwa mu 2021 opanda mabatire osungira: magetsi ake amalowa m'chingwe masana omwewo. Mabatire aakulu anadzaoneka ku Golomoti mu 2022, pa malo a mamegawati 20.

Kumene ndaona sola ikubweza msanga koposa ndi pa madzi. Pampu ya sola sifuna batire. Dzuwa likatuluka imayamba kukoka, likalowa imapuma, ndipo madzi mwawasunga m'thanki pamwamba. Thankiyo ndiyo batire lanu, ndipo siifa pakatha zaka zitatu. Mlimi wa tomato, anyezi kapena chimanga chachiwisi amene wakhala akuthira petulo m'pampu sabata iliyonse, n'kumagonanso pa mzere mafuta akasowa, awerenge ndalama za mafuta za nyengo imodzi n'kuziyerekeza ndi mtengo wa pampu ya sola. Chenjezo langa n'lakuti ayambe wayeza madzi a pachitsime chake mu Okutobala, chifukwa pampu yamphamvu pa chitsime chosazama imangopopa matope. Ometa tsitsi, otchaja mafoni ndi osoka zovala nawonso ntchito yawo ndi ya masana, ndipo ali m'gulu lomweli.

Poika, panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pafupifupi madigiri 15, kuti mvula izitsuka fumbi. Isagone pa malata penipeni. Siyani mpata woti mphepo izidutsa, chifukwa panelo ikatentha kwambiri mphamvu yake imatsika. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango umafooketsa panelo yonse. M'chilimwe muziipukuta ndi madzi m'mawa. Imangidwe ndi mabawuti pa mitengo ya denga, pakuti amene anaona mphepo ya Freddy mu Malichi 2023 sangaitsamiritse ndi njerwa. Pakati pa panelo ndi batire pasasowe kachipangizo kotchedwa regulator. Ambiri amakadumpha pofuna kupulumutsa ndalama zochepa, batire n'kupsa pa miyezi yowerengeka. Muyembekezerenso masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi komanso mitambo ya mu Januwale, pamene magetsi adzachepa.

Safunsa anadya phula. Wokuikirani akuonetseni chilolezo chochokera ku MERA. Wogulitsa akupatseni lisiti ndi chikalata chonena kuti katunduyo akafa pasanathe nthawi yakuti adzamubweza, pakuti pamsika pali mapanelo olembedwa mawati 300 amene sapereka ngakhale theka lake. Makampani olipira pang'onopang'ono kudzera pa foni athandiza mabanja ambiri, ndipo boma linakhazikitsa thumba la Ngwee Ngwee Ngwee kuti njira imeneyi ifalikire kumidzi. Musanasaine, phatikizani malipiro a miyezi yonse muone chiwerengero chake, mufunse chimene chimachitika mukalephera kulipira mu Febuluwale, ndiponso amene adzagule batire lachiwiri.

Pempho langa kwa komiti ino likukhudza katundu wa tonse. M'madera mwathu muli zipatala zazing'ono, sukulu ndi mijigo kumene mabungwe anaika sola, mapanelo akadali abwinobwino padenga koma m'chipinda muli mdima chifukwa batire linafa ndipo palibe anasungira ndalama zake. Ndikupempha komiti iliyonse ya m'mudzi ilembe malo oterewa, chaka chimene sola inaikidwa ndi chimene chinafa, mndandandawo ufike ku khonsolo tisanayambe kukonza ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa. Ndipo bungwe lina likadzabwera ndi sola yatsopano, mgwirizano wake unene poyera amene adzagule batire m'chaka chachitatu.

Wapampando, ndayankhula motalika. Ndilandira mafunso.